Sitadi ikathyokera m'kati: kaichotsedwe kake, ndi chomwe imathyokeranso pamalo omwewo

Mwaliza thirakitala m'mawa injini isanatenthe, ndipo chakumbali ya ekizozi kukumveka kuti tchi-tchi-tchi. Pakapita mphindi khumi phokosolo lachepa, dalaivala n'kunena kuti, "Bwana, yasiya yokha." Siinasiye yokha ayi, zitsulo zangofufuma ndi kutentha n'kutseka kampata. Yang'anani pamene manifodi (chitsulo chosonkhanitsa utsi wa m'masilinda) yakumana ndi hedi (mutu wa injini), makamaka pa silinda ya kumapeto. Mupeza mwaye wakuda utajambula kamzere, ndipo mukagwira nati ya pamenepo ingobwera m'manja mwanu pamodzi ndi theka la sitadi, kandodo ka mazinga kopanda mutu komwe natiyo imamangidwapo. Theka linalo latsala m'kati.

Vuto ili ndakumana nalo pa mathirakitala a Massey Ferguson, pa makatapila okumba, pa magiredala, komanso pa mawilo a malole otuta mchenga ndi miyala ya kwale. Kachitsulo kake n'kotalika ngati chala, koma kamaimitsa makina sabata yathunthu. Kawirikawiri chodya sabatayo ndi zomwe makaniko wachita mu ola loyamba atangoipeza: kuboola mokhota, kuthyoleramo chida cholimba, kapena kupitiriza biti ya dirilo mpaka kukatulukira m'madzi a injini.

Musataye chidutswa chagwacho

Anyamata a pagalaja akachitola amangochiponya m'ndowa ya zitsulo zakutha. Alandeni, muchipukute, muyang'ane nkhope yake pomwe chathyokera, chifukwa yankho la funso loti "n'chifukwa chiyani" lili pamenepo.

Ngati mbali yaikulu ya nkhopeyo ndi yosalala, yakuda kapena ya dzimbiri, yokhala ndi timizere tozungulira ngati ta pa chigoba cha nkhono, ndipo kambali kakang'ono kokha ndiko kowala ndi kokhakhala, sitadiyo sinathyoke lero. Inayamba kung'aluka kalekale, mng'aluwo n'kumayenda pang'onopang'ono nthawi iliyonse injini ikatentha ndi kuzizira, kapena wilo likazungulira litasenza katundu. Kambali kowalako ndiko kanali kokha kotsala. Sitadi yotere inali yosamangitsa, kapena pali china chomwe chimaipinda, ndipo mukangoikapo yatsopano osapeza chinacho mudzabweranso pamalo omwewo mvula isanathe.

Ngati pafupi ndi pothyokapo sitadi yaonda ngati m'chiuno mwa mavu, mazinga ake atatalikirana, inamangidwa mopyola muyeso kapena chitsulo chake n'chofewa. Ngati nkhope yonse ndi yowala, yopotoka ngati pomwe mwapotokola nzimbe, ndiye kuti mwaithyola ndinu pomasula, chifukwa dzimbiri linaimata. Yachitatuyi ndiyo yovuta kuchotsa. Ziwiri zoyambazo nthawi zina chotsalacho chimakhala chosagwira kwenikweni, moti panchi ndi hamala yaing'ono, kugogoda m'mphepete mozungulira kumanzere, zimatha kuchitulutsa musanalumikize n'komwe makina alionse. Yesani kaye zimenezo. Sizidya ndalama.

Dziwaninso mazinga ake musanapite kukagula china chilichonse. Injini zakale za Perkins za m'mathirakitala ambiri, ndi makina akale a Caterpillar, zili ndi mazinga a mainchesi, pomwe Komatsu, Hitachi, Isuzu ndi zina za ku Japan zili ndi a mamilimita. Sitadi ya 3/8 inchi ndi 9.5 mm, ndipo ndi maso simungaisiyanitse ndi M10, ya mamilimita 10. Ilowa kawiri kapena katatu ngati ili bwino, kenako iyamba kulimba, wina n'kuikakamiza ndi sipanala, mazinga a m'hedi n'kuthera pomwepo. Tengani sitadi yabwino ya pabowo loyandikana nalo mupite nayo kusitolo, muyesere nati pomwepo.

Za chitetezo sindichulukitsa, koma izi zokha: baketi ya katapila ikhale pansi, bodi ya thipa ikakwezedwa muichirikize ndi chitsulo kapena mtengo wolimba, ndipo musanayatse moto uliwonse sesani zinyalala za pa injini. Thirakitala yochokera m'munda wa chimanga kapena wa nzimbe imakhala ndi mapesi ouma osakanikirana ndi dizilo pansi pa manifodi. Madzi kapena chozimitsira moto zikhale pafupi.

Yatsala kunja pang'ono

Mwachita mwayi, koma mwayiwo umatha msanga mukagwira ndi pulayala yakutha mano n'kuyamba kupala. Tsukani dzimbiri ndi bulashi ya waya, thirani mafuta olowerera monga WD-40, dizilo amathandizanso ngati palibe china, kenako menyani pamutu pa sitadiyo ndi hamala molunjika kangapo, ngati mukukhoma msomali koma osaiphwanya. Kugwedezako kumaswa dzimbiri la m'mazinga. Ngati mazinga otsala kunja akukwana manati awiri, amangeni mothinana n'kumasula ndi yapansiyo. Ngati sakukwana, palani mbali ziwiri ndi tupa kuti vayisi giripi igwire posalala.

Pozungulitsa musamangokokera kumanzere. Yambani ngati mukumanga, pang'ono chabe, kenako bwererani, uku ndi uku, mukuthira mafuta. Ikalira kuti kwii, yayamba kuyenda. Ikamamveka yofewa ngati mukupotokola waya, siyani msanga, chifukwa ikupita kothyoka, ndipo ithyokera pansi pomwe simungagwirenso.

Moto wa gasi umathandiza mukatenthetsa chitsulo chozungulira sitadi. Koma hedi ikakhala ya aluminiyamu samalani: aluminiyamu safiira kuti akuchenjezeni, amangosungunuka akafika madigiri pafupifupi 660. Ubwino wake ndi woti amafufuma pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa chitsulo cha sitadi, ndiye kutentha pang'ono chabe kumakwanira. Makina akuluakulu ambiri mahedi ake ndi a kasiti (chitsulo choumbidwa chitasungunulidwa, cast iron), omwe safuna kutenthedwa malo amodzi kwambiri kapena kuthiridwa madzi ali otentha. Amang'aluka.

Yathyokera pakamwa penipeni pa bowo: wotchererani nati

Iyi ndiyo njira yomwe ine ndimayambira, ndipo dirilo ndimaitulutsa pokhapokha iyi italephera. Imachita ntchito ziwiri nthawi imodzi. Imakupatsani pogwira sipanala, komanso imalowetsa moto waukulu m'sitadi yokhayo. Sitadi ikafiira imafuna kufufuma koma bowo likuipanikiza, ndipo ikazizira imabwerera itachepa pang'ono, dzimbiri litasweka.

Choyamba chotsani mawaya onse awiri a batire, kuyambira wa negetivi. Makina atsopano okhala ndi kompyuta ya injini, zulaninso mapulagi a kompyutayo, chifukwa mtengo wake umaposa wa masitadi chikwi. Efu ya makina owotcherera, waya uja wopanidwa pa chitsulo, muimange pa hedi pomwepo, pafupi ndi pomwe mukugwira ntchito, pamalo opala bwino. Mukaimanga kutali, pa tcheni cha katapila kapena pa chasisi, magetsi amadutsa m'mabering'i ndi m'mapini pofuna njira, n'kusiya timabala tomwe mudzatimve pakapita miyezi. Mabowo a ekizozi atsekeni ndi kachitsulo kapena gasiketi yakale kuti zothetheka zisagwere m'kati, ndipo mapaipi a dizilo ndi a mphira muwaphimbe ndi chiguduli chonyowa.

Palani pamutu pa sitadi mpaka pawale. Dzimbiri, oyilo ndi mwaye zikatsala, chowotchereracho chimangokhala pamwamba osalumana. Ikani washala wokhuthala amene bowo lake ndi lofanana kapena locheperako pang'ono ndi sitadi. Washalayo amateteza nkhope ya hedi, ndipo popeza ndi wosazama mumaona bwino pomwe rodi ikugunda. Ndi rodi ya 2.5 mm, pa ma amp 80 mpaka 90, yambirani pakati penipeni pa sitadi, mudikire chitsulo chisungunuke, ndipo pokhapo muyambe kuzungulira kulumikiza washala. Gogodani makoko otsala pamwamba pa chowotchereracho. Pamwamba pa washala ikani nati yokulirapo, ya M12 ngati sitadi ndi M10, muidzaze m'kati kuchokera pansi mpaka ifiire yonse.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'choti rodi imathamangira kugwira m'mbali mwa nati, chifukwa ndi mmene muli pafupi, ndipo nati imadzaza bwinobwino pamwamba pomwe pansi sinakhudze sitadi. Mukazungulitsa imangochoka ngati chivindikiro cha botolo. Ndiye ntchito ya washala ndi imeneyo. Rodi wamba ya 6013 imagwira pa masitadi ambiri, koma ya 7018 ndi yolimba, ndipo mukapeza ya stainless ya 309 kapena 312 ndiyo imalumana bwino ndi masitadi olimba a pa turbo.

Tsopano pakubwera povuta: kudikira. Nati ili psuu, dzanja limayabwa kufuna sipanala. Chitsulo chofiira n'chofewa ngati phula, mukachipotokola chimaduka. Dikirani kufiirako kuthe, mpaka mutha kuyandikitsa dzanja. Ikadali yofunda khudzitsani kandulo m'mphepete mwa washala, phula lake limatsetserekera m'mazinga, kapena thirani mafuta olowerera aja. Kenako sipanala yaifupi, yogwira mbali zonse zisanu ndi imodzi, uku ndi uku monga ndanenera. Makina omasulira a mpweya asayandikire.

Nati ikaduka musataye mtima, ndipo musathamangire dirilo. Palani, ikani ina. Ulendo uliwonse moto ukupitiriza ntchito m'kati. Ndinawotchererapo manati asanu pa sitadi imodzi ya giredala, yachisanu ndi chimodzi ndiyo inatulutsa, ndipo inatuluka mosavuta moti theka lomaliza ndinamasula ndi zala nditavala magolovesi. Manati asanu ndi marodi ochepa ndi zotchipa kuyerekeza ndi kutsitsa hedi.

Ena amaopa kuti awotcherera sitadi ku hedi. Pa aluminiyamu sizingatheke, rodi ya chitsulo siigwira. Pa kasiti imatha kugwira pang'ono, koma mofooka, makamaka kasiti yakale yomwa mwaye ndi oyilo. Komabe lunjikani pakati.

Mabawuti a marola a pansi pa katapila, omwe amakhala m'matope chaka chonse n'kuthyokera m'felemu, njira yake ndi yomweyi, kungoti nati ndi rodi zikhale zokulirapo ndipo moto uchuluke.

Yathyokera m'kati mozama

Ikazama mamilimita ochepa, mutha kumanga kamulu pamutu pake, kadontho pamwamba pa kadontho, mukugogoda makoko nthawi iliyonse, mpaka katulukire kunja, ndiye n'kuika washala ndi nati. Ikazama kwambiri, dulani kapaipi ka mkuwa kokwana m'bowomo, kabwino ndi kaja ka m'mafiriji, mukalowetse mpaka kagunde sitadi, muwotcherere kudzera m'kati mwake. Mkuwa sugwirana ndi rodi, ndiye mazinga a m'mbali amatetezeka. Pa bowo la M8 kapaipiko kamachepa kwambiri moti rodi siyenda, ndipo apo ndiye poyenera kuboola.

Kuboola konse kumathera pa kadontho koyamba. Nkhope ya sitadi yothyoka siikhala yafulati, ndipo biti imatsetserekera kotsika. Ikangophonya n'kukhudza hedi, imasankha hedi, popeza kasiti ndi aluminiyamu n'zofewa kuposa sitadi. Salazani nkhopeyo ngati mungathe, khomani panchi mopepuka kamodzi, muyang'ane ndi tochi kuchokera mbali zonse. Ngati kadonthoko kapatuka, pendeketsani panchi mukakankhire pakati, ndipo mukakhutira ndiye mukhome mwamphamvu.

Njira yodalirika kuposa diso ndi kubwezera manifodi pamalo pake ndi masitadi otsalawo, n'kupita kwa wa makina osemera zitsulo akupangireni kabushi kolowa mothina m'bowo la manifodi, kokhala ndi kabowo ka 4 mm pakati. Biti ikadutsa m'kabushi ilibe kothawira, ndipo imalowa yowongoka ngakhale inu mutagona mopindika pansi pa boneti. Kabushi kameneka mukasunge, mudzakafunanso.

Musanaboole, yezani kuya kwa bowo loyandikana lomwe lilibe sitadi, mukulunge tepi pa biti pa muyeso umenewo. Kuseri kwa mabowo amenewa, m'mahedi ambiri, mumadutsa madzi oziziritsa injini. Pansi pa sitadi pamakhala kampata, ndiye biti ikabowola sitadi yonse mumamva ikugwera pang'ono. Imani pomwepo. Thirani mafuta olowerera m'kabowoko kuti akagwire ntchito kuchokera kunsi.

Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, inu mukukankha mwamphamvu, oyilo osaleka. Zotuluka zikhale timizere topotana. Mukaona fumbi lokhalokha ndi utsi, biti yatha ndipo ikungopukuta, ndipo kupukutako kumalimbitsa sitadi, makamaka za stainless, moti biti yotsatira ivutika kuposa yoyamba. Mabiti a cobalt ndi okwera mtengo, koma imodzi imagwira ntchito yomwe otchipa asanu amalephera. Mukapeza mabiti ozungulira kumanzere, gulani. Dirilo mumaiika pa rivesi, ndipo nthawi zambiri biti ikaluma, sitadi imamasuka n'kutuluka itakwera pa biti pomwepo.

Kwezani saizi pang'onopang'ono mpaka pa muyeso wa tapu, chida chodulira mazinga m'bowo: 6.8 mm pa M8 ya mazinga otalikirana 1.25 mm, 8.5 mm pa M10 ya 1.5, ndi 10.2 mm pa M12 ya 1.75. Ngati munalunjika pakati, chotsala cha sitadi chimakhala kawaya kopotana ngati sipuling'i kogona m'mazinga, ndipo mumakatokosa ndi kachitsulo kosongoka n'kukasolola ndi pulayala. Pomaliza dutsitsani tapu ndi dzanja, theka kutsogolo, pang'ono m'mbuyo, kenako pemererani bowolo ndi mpweya, maso mutateteza. Musasiye oyilo kapena madzi m'bowo losatulukira. Sitadi yatsopano ikamalowa imawapanikiza, ndipo amatha kung'amba kasiti.

Za easy-out

Easy-out ndi kachida komwe mumalowetsa m'kabowo koboola pa sitadi yothyoka kuti muimasule. Dzina lake, lotanthauza kutulutsa mosavuta, limanamiza. Kachida aka n'kolimba kwambiri, ndipo chitsulo cholimba chotero sichipindika, chimangoti phwa. Komanso mtundu wosongoka uja, pomwe mukuukhomera, umatambasula sitadi n'kuithinitsa m'bowo momwe mukufuna kuti ichokemo.

Ndinaphunzira izi ndili wachinyamata, pa esiteti ina ya fodya, mu November, mitambo itayamba kale kuda ndipo eni thirakitala ataima kumbuyo kwanga akuyang'ana kumwamba. Ndinaboola kabowo ka 5 mm, n'kulowetsa easy-out, ndipo itakana ndinaonjezera kapaipi pa chogwirira. Ndinamva kuti the, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Mdala yemwe ankandiphunzitsa ntchito anasuzumira, n'kutulutsa biti yatsopano m'thumba la ovolosi.

"Taboolani, mwana wanga, tione."

Biti inangolira, nsonga yake n'kuchita buluu, pa easy-out osaoneka ngakhale kachikanda.

"Ndiye titani, madala?"

"Titsitse hedi. Kuthamanga si kufika. Mukanandifunsa, bwenzi pano tikumwa tiyi."

Hedi inakwera minibasi kupita m'tauni, thirakitala inakhala masiku asanu ndi limodzi, ndipo gasiketi ya hedi yomwe inalibe vuto lililonse inagulidwa ina.

Sindikunena kuti kachidaka n'kachabe. Pa sitadi yothyoka chifukwa chotopa, yopanda dzimbiri, kamagwira. Koma gwiritsani chogwirira cha tapu chokokera mbali zonse ziwiri, ndipo mukaona kakuyamba kupotoka sitadi isakusuntha, katulutseni. Kakathyokeramo, yesani kukagogoda ndi panchi mobwerera kuti kamasuke. Zikakanika, wotchererani washala ndi nati pamwamba pa zonse ziwiri, popeza moto umakafewetsa ndipo nthawi zina zimatulukira limodzi. Apo ayi, ndi kachida ka carbide kopalira pang'onopang'ono, kapena kupita kwa a makina odya chitsulo ndi zothetheka za magetsi.

Mazinga atha, kapena bowo lakhota

Musakulunge sitadi ndi tepi ya mipope kapena kuithira guluu wa zitsulo. Mpweya wa ekizozi ya dizilo injini ikamakoka umapitirira madigiri 500, ndipo zimenezo zimapsa tsiku lomwelo. Bwezerani mazinga ndi Helicoil, kawaya kopotana kolowetsa m'bowo kuti kakhale mazinga atsopano. Pa M10 ya 1.5 mumaboola 10.4 mm, n'kudula ndi tapu yake ya m'bokosimo, yomwe ndi yosiyana ndi tapu wamba, n'kulowetsa kawayako mpaka kazame pang'ono pansi pa nkhope ya hedi, kenako n'kuthyola kamchira kake kapansi. Ikaikidwa bwino imapirira monga mazinga oyamba, ndipo mu aluminiyamu imaposa. Bowo likakhota kwambiri kapena kukula, pamafunika kabushi kolimba ka mazinga kunja ndi m'kati, monga Time-Sert, kapena kosemetsa.

Mukaboola mpaka madzi n'kutuluka, si maliro. Khetsani madzi, umitsani bowo, pakani mankhwala otsekera mazinga opirira kutentha pa sitadi, mumange. Chomwe sichichira ndi mng'alu wochokera pabowo kupita kwina. Umenewo hedi itsike basi.

Masitadi a mawilo ndi nkhani ina

Ambiri mwa awa salowa ndi mazinga m'habu. Amakhomedwa kuchokera kumbuyo ndipo amagwira ndi timano ta m'khosi mwawo, ndiye palibe zoboola kapena zowotcherera. Mumachotsa wilo, pa malole ambiri ndi dilamu ya mabuleki yomwe, n'kukankha chotsalacho ndi puresi kapena panchi yaikulu. Yatsopano ilowe mothina. Ikamagwedera kapena kuzungulira m'bowo, habu yatha, ndipo kuigwiriza ndi kadontho ka welodi kumbuyo n'kudzinamiza, moto umafooketsa sitadiyo.

Apa pali chinthu chomwe chapha anthu: musayatse gasi kapena kuwotcherera pa nati, pa sitadi kapena pa limu tayala lili pomwepo. Kutentha kumayambitsa kupsa kwa mphira m'kati mwa tayala, mpweya n'kukwera mofulumira, ndipo limatha kuphulika patapita nthawi moto mutazimitsa kale. Kuphwetsa kokha sikuchotsa ngoziyo. Nati yokana muidule ndi chida choswera manati kapena tchizulo.

Sitadi imodzi ikathyoka, katundu wake anasenza ndi anzake a mbali zonse ziwiri, ndiye sinthani zitatu. Zikathyoka ziwiri kapena kuposa, sinthani zonse za wilo limenelo. Yang'ananinso mabowo a limu. Akatalika ngati dzira, limuyo idzadya masitadi atsopanowo.

Malole ambiri ochokera ku Japan, a Isuzu, Fuso ndi Hino a kachitidwe kakale, mawilo a kumanzere ali ndi mazinga a kumanzere, ndipo pa sitadi kapena pa nati pamalembedwa L. Mnyamata wosadziwa amati akumasula pomwe akumanga, nati ikakana n'kuitana mnzake kuti akwere pa chipaipi. Kuyambira 2010 malole akuluakulu atsopano a ku Japan anasamukira ku kachitidwe ka ISO, kofanana ndi ka Scania, Volvo ndi Mercedes-Benz, komwe mbali zonse mazinga ndi a kumanja ndipo nati ili ndi washala wake wafulati. Pa yadi imodzi mutha kukhala ndi mitundu yonse iwiri, choncho werengani chilembo musanaike sipanala, ndipo manati a mtundu wina asapite pa limu ya mtundu wina.

Chipaipi chija ndicho mdani wamkulu. Sitadi ya M22 ya malole a masitadi khumi imafuna pafupifupi 600 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), nambala yeniyeni ili m'buku la galimotoyo. Munthu wa makilogalamu 70 akangoima kumapeto kwa paipi ya mamita awiri wapereka kale pafupifupi 1,400 Nm, asanayambe kudumpha. Sitadi yokokedwa chotero imatalika osabwereranso, ndipo ngakhale nati ikuoneka yolimba, siikugwiranso limu mokwanira. Kusamangitsa nakonso kumathyola, ndipo kawirikawiri kumabwera ndi matope, dzimbiri kapena penti wokhuthala pakati pa limu ndi habu. Mumamanga bwino, galimoto ikayenda zinyalalazo zimaphwanyika, mpata n'kutsala. Palani nkhope zonse ndi bulashi ya waya, mangani modumphadumpha moyang'anizana, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 imani mubwerezenso ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Timizere ta dzimbiri tochokera pa nati kulowera kunja kwa limu ndi chizindikiro choti wilo layamba kale kusewera.

Mwaika yatsopano, yathyokanso

Tibwerere ku manifodi. Imatentha kwambiri kuposa hedi yomwe ili ndi madzi m'kati, ndiye tsiku lililonse imatalika n'kubwerera, ikukhuluzika pa gasiketi. Kusunthako n'kochepa pakati, n'kwakukulu kumapeto, n'chifukwa chake masitadi a silinda yoyamba ndi yomaliza ndiwo amayamba kupita. Zaka zikamapita manifodi ya kasiti imapindika ndipo imafupika pang'ono. Mukaichotsa igonekeni, muike lula ya chitsulo yowongoka pa nkhope zake zonse. Mukaona kuwala kukudutsa pansi pa lula, pitani nayo akaisalaze. Kuikoka ndi manati kuti igone ndiko kupinda sitadi yatsopano kuyambira tsiku loyamba. Poibwezera, iyenera kulowa pa masitadi onse mosakakamiza. Bowo la kumapeto likamakhuza sitadi, likuzeni pang'ono ndi tupa yozungulira kuti pakhale posewerera.

Pa injini zambiri za Caterpillar ndi Cummins mupeza timapaipi tachitsulo pakati pa manifodi ndi nati, ndipo sitadi kapena bawuti yake ndi yaitali. Ndaonapo anthu akutitaya n'kuika bawuti yaifupi, ati tikungotha malo. Timapaipito tili ndi ntchito: chitsulo chachitali chimatamuka ndi kubwerera manifodi ikamafufuma, pomwe chachifupi chilibe potamukira, chimangotopa n'kuduka. Tibwezereni mmene munatipezera.

Kenako chitsulo chenichenicho. Ndodo ya mazinga yogulitsidwa pa mita m'masitolo a zomangira nyumba nthawi zambiri ndi ya giredi 4.6 kapena 4.8, yabwino pomangira denga kapena geti. Pa injini pamafunika 8.8 kapena 10.9, ndipo pa turbo pamafunika sitadi yake yeniyeni yopirira moto. Bawuti yopanda nambala kapena timizere ta giredi pamutu musaikhulupirire. M10 ya 8.8 imamangidwa pafupifupi 45 mpaka 50 Nm, komwe ndi kukoka kwa makilogalamu 16 okha pa sipanala ya masentimita 30, kutanthauza kuti dzanja limodzi limakwanira. Mukapaka mafuta a mkuwa oletsa dzimbiri, omwe ndi abwino kwambiri pa ekizozi chifukwa adzakupulumutsani ulendo wina, nati imaterera, ndiye chepetsani nambalayo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, pokhapokha buku litanena kale kuti muyesowo ndi wa mazinga opaka. Sitadi yokha ilowe m'hedi mongokwanira, osaikhomerera pansi pa bowo ndi mphamvu zonse. Yomanga ndi nati. Yambirani manati a pakati kupita kunja, kawiri kapena katatu mukuonjezera pang'onopang'ono.

Chomaliza chomwe ambiri sayang'ana chili kutali ndi sitadi. Gwirani paipi ya ekizozi kapena sailensa muigwedeze. Ngati bulaketi yake inathyoka kapena inamangidwa ndi waya, kulemera konse kwa paipi ndi turbo kukulendewera pa masitadi a manifodi, ndipo pa msewu wa mabampu kapena m'munda wa mizere zikuwapinda mphindi iliyonse. Pa thirakitala, paipi yoimirira ija imakolanso nthambi za mitengo. Mphira zokhalira injini zikatha, zotsatira zake n'zomwezo.

Mukamaliza lizani injini, igwire ntchito mpaka itenthe bwino, muizimitse izizire mpaka m'mawa. Dutsaninso manati onse ndi torque wrench, chifukwa gasiketi yatsopano imakhala itaphwatalala pang'ono. Pukutani mwaye wakale pa hedi kuti pakabwera watsopano muuone, ndipo muuze dalaivala kuti tchi-tchi uja akadzamvekanso m'mawa akuimbireni tsiku lomwelo, nati ikadali ndi sitadi yake yonse.